Kachubu Kopindidwa Kumapeto

Mkazi wanga anamwalira mu Juni, nandolo wake asanakhwime. Mu Seputembala apongozi anga aakazi anatumiza uthenga kuti ndipite ku Mposa, chifukwa mbuzi zinali zitayamba kulowa m'munda mwake. Ndinanyamuka ku Balaka Loweruka m'mawa. Ndikudula mitengo ya nandolo, chikwanje chinaterereka n'kunditema pamwendo, m'munsi mwa bondo.

"Manja a choko amenewa, aphunzitsi," anatero apongozi akung'amba kansalu komangira. "Mwana wanga ankadula ndi dzanja limodzi, linalo lili pafoni."

Tsiku lachitatu, nditabwerera kunyumba, bala linatupa. Linkatentha, ndipo khungu lozungulira linkanyezimira. Pawindo la kuchipinda panali kachubu ka mankhwala amene mkazi wanga ankapaka m'manja sopo akamutulutsa zidzolo. Kanali kopindidwa kumapeto, mmene ankapindira chilichonse chofinya. Ndimaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale, koma zolembedwa pakachubupo sindinawerenge. Ndinkangofuna kufinya pamene ankafinya iye.

Patapita masiku awiri kutupa kunaphwa, ululu n'kuleka. Sindinauze munthu, koma mumtima ndinkati mkazi wanga akundisamalirabe. Ndinapaka m'mawa ndi madzulo kwa milungu iwiri. Kenako bala linayamba kununkha, mwanabere anatuluka, thupi n'kumanjenjemera dzuwa lili paliwombo.

Kuchipatala ku Liwonde ndinapeza adokotala, mayi wachikulire wa magalasi. Anamasula nsalu, n'kuyang'anitsitsa balalo.

"Mwakhala mukupakapo chiyani?"

Ndinatulutsa kachubu m'thumba la malaya. Anawerenga, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwati mumaphunzitsa chiyani?"

"Sayansi."

"Ana athu ali pamavuto," anatero. "Anakupatsani ndani?"

"Anali a akazi anga, a zidzolo. Anatisiya mu Juni."

Anaika kachubu patebulo mofatsa. "Pepani, bambo."

Ndinafunsa ngati mwendo upulumuke. Anati ndikanachedwa mlungu wina tikanakamba nkhani ina. Kenako anatembenuza kabuku kanga ka kuchipatala n'kujambula mizere iwiri kuchikuto. Umenewo unali mtsempha wa magazi.

Zina ndinkazidziwa, ndinkazilemba pabolodi chaka ndi chaka. Koma tsiku limenelo zinali za mwendo wanga. Munthu akavulala, anatero, maselo oyera amene akuthamanga m'magazi amamva kuitana. Amachepetsa liwiro, amagubuduzika m'mbali mwa mtsempha, amakakamira, kenako amadziphwatalitsa n'kupanikizika pakampata kosaoneka ndi maso, kutuluka kupita pabala kukalimbana ndi tizilombo. Kutupa ndi kutentha kuja ndi chizindikiro choti afika.

"Ndiye mankhwala anuwa ndi achibale a homoni imene thupi limapanga pamwamba pa impso. Ikachuluka, maselo aja sakakamiranso. Amangodutsa ndi magazi, ngati minibasi yodzaza pa siteji. Zidzolo za mayi zinkafuna zimenezo. Koma inu munatsekera asilikali m'nyumba, mdani ali pakhonde."

Anawonjezera, akulemba mankhwala, kuti munthu woferedwa amapanga kale homoni imeneyi yambiri. "Thupi lanu linali litayamba lokha kuwachedwetsa. Inu munangothandizira."

Anatsuka bala, anandibaya jakisoni, n'kundipatsa mapilitsi.

"Musapakenso. Litupanso, liwawa. Mulisiye liwawe."

"Nanga kachubuka?"

"Iyayi, sindikulandani. Koma kasayandikire mwendo."

Mawu amenewa anandivuta kuposa jakisoni. Milungu iwiri ija ndinali ndi chochita m'mawa uliwonse chimene chinali chathu awiri. Tsopano ndinkangotsuka ndi madzi a mchere n'kumanga.

Ululu unabwera tsiku lachiwiri, masana. Ndinali pakhonde ndi makope a ana a Folomu 3, mwendo nditausanjika pampando. Unayamba kugunda, kugunda motsatira mtima. Ndinaika chikhatho pafupi ndi bandeji osakhudza, ndipo ndinamva kutentha kukukwera.

Ndinasiya cholembera. Kuyambira mu Juni ndinkadya chifukwa chokakamizidwa, ndinkadzuka chifukwa belu la sukulu silidikira. Sindinkaona chifukwa chochilira. Koma pansi pa khungu langa tinthu tosawerengeka, topanda maso, topanda miyendo, tinali kudzipanikiza m'timipata kupita pamene panavulala. Sitinandifunse ngati ndikufuna. Milungu yonse ija tinkadutsa pomwepo, kuzungulira thupi lonse n'kubweranso, kudikira kuti ndisiye kutiletsa.

Ndinakhala choncho mpaka mthunzi wa mango unafika pamasitepe. Mayi wina wogulitsa tomato anaima kundifunsa ngati ndili bwino. Ndinati mwendo ukuwawa.

"Pepani," anatero.

"Iyayi, mayi, ndi bwino kuti ukuwawa."

Anandiyang'ana, n'kusenza beseni lake.

Tsiku lachisanu ndi chinayi adokotala aja anamasula bandeji. M'mphepete mwa bala munali mnofu watsopano, wofiira, wonyowa. Anaukhudza ndi thonje, ine n'kudumpha.

"Ehee," anatero. "Mwendo ndi wanu uwu. Pitani nawo."