Vidiyo Imene Inandidanitsa ndi Mabel

Anzanga, Lumbani ndinakumana naye pa kashopu kake kobena nyimbo ku Nsungwi, ku Area 25. Laptop yanga yakusukulu inkakana kuseweretsa mavidiyo a kwaya yathu.

"Sisteri, vuto ndi player, ndikuikirani ina," anatero. "Koma osamapanga update, imangodya bundle."

Mwamuna wodandaulira bundle yanga, ndikanamukana bwanji?

Posakhalitsa tinali pa chibwenzi. Tchipisi cha pachiwaya, kuperekezana mpaka pageti... ndinapenga, sindinama.

Koma Mabel, mnzanga wa kuyambira ku Sande sukulu, sankamufuna. Ankandilembera pa WhatsApp, imene ndinkatsegulanso pa laptop, kuti, "Tisunge, munthuyu ndi wansanje, musiye."

Tsiku lina Lumbani ananditumizira vidiyo.

"Babe, ndasanja zithunzi zathu. Utsegule pa laptop."

Nditatsegula, player inangozima. Ndinaseka n'kuiwala.

Kenako Mabel anandilembera kuti ali ndi mimba. Bambo ake a Mabel ndi mkulu wa mpingo, ndiye mukudziwa.

"Ukudziwa ndiwe wekha, Tisu."

Sabata isanathe, screenshot ya macheza athuwo inali pa group ya kwaya.

"Si ine, Mabel!"

"Ndiye ndani? Chiwanda?"

Ndinapita ndi laptop kwa msuweni wanga Jemima, amene amaphunzira za makompyuta. Ataifufuza anapukusa mutu.

"Vidiyo iyi anaipanga dala. Anaithira data yoposa malo amene player yakaleyi imasungira, ndiye imasefukira ngati ndowa pampopi. Zosefukirazo ndi ma command ake, laptop imangomvera. Amati buffer overflow. Wakhala akuwerenga zako zonse ali kushopu kwake. Update ikanatseka bowolo."

Lumbani ndinamupeza kushopu akusanja ma flash, n'kumufunsa za screenshot ija. Manyazi olo pang'ono.

"Amafuna kutilekanitsa Mabel uja. Ndimateteza chikondi chathu."

Chikondi chake chiti? Ndimadana naye mpaka lero, ndipo sindibisa. Ndinamusiya pomwepo.

Mabel bambo ake anamutumiza kumudzi ku Rumphi, sukulu inathera pompo. Ndinamulembera zonse zimene Jemima anapeza, ndikulira. Anayankha kamodzi kokha:

"Kaya ndi iwe, kaya ndi laptop yako. Chinsinsi changa ndinapatsa iweyo."

N'kundibloka.

Lumbani akadali pa Nsungwi, akuliza nyimbo ngati palibe chinachitika. Mwana wa Mabel anabadwa mwezi watha, anzanga. Dzina lake ndinamvera kwa anthu.