Bambo Anga ndi Lawi Lobiriwira

Bambo anga anali owotcherera zitsulo. Shopu yawo inali ya malata, m'mphepete mwa msewu, pakati pa wokonza njinga ndi mayi wogulitsa utoto. Anthu ankawatcha a Nthethe, chifukwa malaya awo onse anali ndi timabowo ta moto. Amayi ankati kuwagulira shati yatsopano n'kutaya madzi pa mwala.

Bambo anasiyira sukulu panjira ali aang'ono, agogo atamwalira. Kuwerenga ankatha, koma mochedwa, akuyendetsa chala chakuda pansi pa mawu.

Nditafika m'makalasi omaliza a sekondale ndinasankha kemisitiri wapamwamba. Sindinamusankhe chifukwa chomukonda ayi, ndinangotsatira mnzanga wapamtima. Loweruka lililonse ndinkawerengera kushopu, pa benchi ya kuseri, popeza kunyumba azing'ono anga ankasokosa. Ndinkaloweza mokweza ngati wopenga.

Tsiku lina ndinawerenga kuti dzimbiri ndi chitsulo chimene chagwirana ndi mpweya, ndipo n'chimodzimodzi kupsa, kungoti kumachitika pang'onopang'ono popanda lawi. Makina owotcherera anazima. Bambo anakweza chishango chawo cha kumaso.

"Tabwereza, mwanawe."

Ndinabwereza. Iwo anatola chidutswa cha geti yakale n'kuchitembenuza.

"Ndiye kuti ichi chikupsa panopa, ndachigwira m'manjamu?"

"Buku likutero, ababa."

Anachiika pansi mosamala ngati dzira. Moyo wawo wonse anali akupala dzimbiri, akuliona ngati litsiro wamba.

Kuyambira pamenepo mtendere unandithera. Ndikangofika, funso. N'chifukwa chiyani chitsulo chimafiira chikatentha? Nanga aluminiyamu amasungunukiranji osafiira? Nditawauza kuti m'magazi mwathu mulinso chitsulo, anaseka mpaka kutsokomola, nati n'chifukwa chake amayi ako sapindika. Koma madzulo ake ndinawapeza akuyang'anitsitsa bala la pachala chawo.

Mafunso amene ndinkalephera ndinkapita nawo kwa aphunzitsi athu, mayi wamfupi wa magalasi, wosakonda kuseka. Tsiku lina anandifunsa kuti nzeru zofunsa chonchi ndazitenga kuti. Nditawauza kuti mafunsowo ndi a bambo anga, anati, "Auze abwere Lachisanu."

Ndinachita manyazi, sindibisa. Bambo anabwera atavala jekete lawo la maukwati, nakhala pa stulu ya kumbuyo kwa labotale, chipewa chili pa bondo. Anzanga ankagwirana zigongono.

Aphunzitsi anatseka makatani n'kuyatsa kambaula ka gasi. Anaviika kawaya mu mchere n'kukaika pa moto, lawi linasanduka lachikasu. Anaviika mu ufa wina, linafiira ngati magazi. Kachitatu linabiriwira, kubiriwira kowala kumene sindinakuonepo pa tsamba lililonse.

"Ndimaliona limeneli ndikamawotcha mapaipi a kopa," anatero bambo motsitsa mawu. "Ndinkayesa gasi wanga ndi wakuda."

"Mu ufawu mulinso kopa, ndi kopayo amene akudzitchula dzina," anayankha aphunzitsi. Anafotokoza kuti chinthu chilichonse chili ndi kuwala kwakekwake, ndipo akatswiri akagawa kuwala kwa dzuwa ndi kwa nyenyezi amadziwa zimene zili kumeneko. M'dzuwa muli chitsulo, chomwechi cha mageti.

"Alipo anapitako kukatenga?"

"Palibe, bambo. Kuwalako ndi kumene kumabweretsa uthenga."

Palibe anagwiranso mnzake chigongono. Bambo anayang'anitsitsa lawilo mpaka belu linalira. Potuluka anagwira aphunzitsi chanza ndi manja awiri. Panjira ankayenda maso ali kumwamba, ndipo pena ndinachita kuwakoka mkono kuti asagundidwe ndi njinga. Sabata yotsatira anatenga ma stulu onse othyoka a m'labotale n'kukawawotcherera.

Ine amene ndinalowa kalasiyo motsatira mnzanga ndinayamba kuwerenga zenizeni, poopa kufika kushopu ndilibe yankho. Mayeso ndinakhoza, ngakhale sindinali woyamba. Lero ndimagwira ntchito yoyeza madzi akumwa.

Patapita zaka maso a bambo anayamba kuchita chidima, shopu anasiyira mchimwene wanga. Chaka chatha anadzacheza kuntchito kwanga, atandigwira phewa. Zida zoyezera sankaziona bwino, choncho ankazisisita ndi zala. Nditawapatsa madzi m'tambula, anafunsa ngati n'zoona zimene anamva kwa mdzukulu wawo, zoti madzi ndi mipweya iwiri, wina woyaka, wina wokoleza moto.

"N'zoona, ababa."

"Nanga amazimitsa bwanji moto?"

"Anapsa kale. Ali ngati phulusa, sangapsenso."

Anakweza tambulayo cha ku windo, kumene ankaonako kuwala pang'ono, naigwira choncho kwa nthawi ndithu. Kenako anamwa pang'onopang'ono, napempha ena.