Nsenga Zitsale M'mbiya

Chaka chimene ng'ona inagwira mwamuna wake pa Shire, Magdalena anatsala ndi ana atatu, mbiya imodzi ndi dengu la mapira. Maliro atatha, mlamu wake Lorenso wa ku Ndamera sanabise mawu.

"Alamu, chuma tinapereka, anawa ndi a kwathu. Ndikabwera pokolola n'kuwapeza ali ndi njala, ndiwatenga."

Magdalena anagwada, napempha Iye amene sanalole ufa wa mkazi wamasiye wa m'Malemba uja kutha m'mbiya.

Inu amene munakwerapo sitima ya ku Nsanje m'ma 1970 mukuikumbukira Bangula: fungo la milamba yowamba, amayi m'nsalu za chipani, manja ali pamawindo kuitana malonda. Kumeneko Magdalena anaona kuti apaulendo amafuna thobwa, koma sitima sidikira munthu kuti amalize chikho. Anatola mabotolo akale, nawatsuka ndi mchenga, nathiramo thobwa lake, natseka ndi zitsononkho.

Koma umphawi unamuphunzitsa kusataya kanthu. Ankakokota mbiya mpaka pansi, nsenga zonse m'mabotolo, n'kutseka thobwa likadali lofunda.

Dzuwa la kuchigwa mukulidziwa. Sitima isanafike, chitsononkho chinauluka, phu! China chinatsatira. Thovu linanyowetsa malaya a mlendo wina, ndipo anthu atalawa mabotolo otsalawo anapeza thobwa lasanduka mowa.

"Taonani mayi wa kwaya wayamba kufulula!" anafuula wogulitsa nsomba. "Lamulungu tikamwera m'tchalitchi!"

Siteshoni yonse inaseka. Tsiku limenelo ana anagonera nyika, zija zokumba m'dambo.

Amene sanaseke anali Sebastiano, wokonza njinga pansi pa mtengo wa bwemba, munthu amene mowa unamudyera munda ndi banja asanatembenuke mtima. Anakweza botolo limodzi kudzuwa, naloza zoyera zimene zinakhazikika pansi.

"Mayi, mdani uyu ndimamudziwa, tinagona nyumba imodzi zaka zambiri. Samafa ayi, amangogona mu nsengamu. Mukamutsekera, amadzuka."

"Ndiye nditaye chakudya, bambo, ana ali ndi njala?"

"Nkhabe, musataye! Patsani nkhuku. Koma thobwa liwiritseninso, lizizire, lidikhe. Muthire lapamwamba lokha, ndipo mutseke m'mawa wa sitima, osati dzulo lake."

Kudikira kunamuvuta kuposa kusinja. Anaphunzira kuika khutu pakamwa pa mbiya: ikamanong'ona, nthawi sinakwane. Ankaimba nyimbo za kwaya mpaka itakhala chete. Pothira, ankadandaula kuona nsenga zikutsala, koma ankazisiya. Masiku ena linkasasabe, iye n'kuyambiranso.

Pang'onopang'ono anthu anasiya kuseka. Odula nzimbe obwerera ku Nchalo ankatenga mabotolo awiriawiri. Ogwira ntchito m'sitima ankamuitana ndi dzina isanaime n'komwe. Nkhuku zodya nsenga zija nazo zinaswana, mazira n'kumalowa m'mbale za ana.

Mapira atacha, Lorenso anatsika sitima atanyamula nsalu yomangira zovala za anawo. Anawapeza masaya ali see, wamkulu atavala yunifolomu ya sukulu. Magdalena anamupatsa botolo ndi manja awiri. Lorenso, amene mbiri ija inamufika, analitalikitsa ndi nkhope pozula chitsononkho. Botolo linangoti zii.

Anamwa mpaka pansi, napukuta pakamwa.

"Pyadidi, alamu, lakoma. Takhuta, zikomo." Anayang'ana nsalu ija kanthawi. "Mundimangiremo mabotolo awiri a panjira. Ana atsale."

Wokondedwa, mwina nawenso anthu akuseka pamene unaphulikira. Usatsekere chisoni ndi manyazi a dzulo m'botolo la mawa. Khala chete pamaso pa Ambuye, mtima udikhe, nsenga zitsale m'mbiya. Amene anasunga ana a Magdalena sawodzera. Usataye mtima, dzuka ukatsukenso mabotolo.