Mwana wa Alovera

Lero podula alovera wothira m'madzi a nkhuku, kafungo kake kandibwezera kwa azakhali ku Nsaru, kumene ananditengera amayi atamwalira.

Nditangofika kumeneko ndinazika tsamba la alovera kuseri kwa chigafa ngati chinangwa, n'kumalithirira m'mawa ndi madzulo. Linawola mpaka kununkha. Azakhali anandipeza ndikulira.

"Iwe, tsamba silimera. Timadzala mwana wake," anatero.

Anathothola kamphukira m'mbali mwa tsinde lalikulu, n'kukagoneka pamthunzi.

"Tikathirire, azakhali?"

"Ayi. Mwana wongochotsedwa kumene kwa mayi ake sitimuumiriza. Chilonda chiyambe chauma."

Anandipukuta misozi ndi dzanja lautomoni. Utomoniwo unandifika pamilomo, kuwawa kwake! Koma sindinalavule.