Madzi Ofunda a Che Uladi

Mchimwene wanga Latifu anaphunzira ntchito ziwiri pa moyo wake, ndipo imene anthu a pa Ntaja amamutama nayo ndi yachiwiri, ya makompyuta. Yoyamba anamuphunzitsa ndi bambo athu, Che Uladi, amene kwa zaka zambiri ankasambitsa maliro a amuna a mumzikiti wathu.

Bambo anali ndi kachitidwe kawo. Ankasonkha kaye moto n'kufunditsa madzi, kenaka n'kuwayesa ndi chigongono ngati akufuna kusambitsa khanda. Anthu akadandaula kuti nthawi ikupita, ankayankha kuti munthu sathiridwa madzi ozizira pa kusamba kwake komaliza. Mnzawo pa ntchitoyo, Che Yunusu, ankangotunga pamjigo n'kuyambapo, ndipo bambo ankati ameneyo amasambitsa munthu ngati akutsuka njinga. N'chifukwa chake Latifu atangomera ndevu bambo anayamba kumutenga, kuti aone kuti amayambira mbali ya kumanja, adziwenso kukulunga sanda, nsalu yoyera ija. Cholinga chawo sanabise. Ankafuna kuti tsiku lawo likadzakwana adzasambitsidwe ndi mwana wawo, osati Che Yunusu.

Latifu ankamvera, koma mtima wake unali ku mawaya. Ali ku sekondale anali atamasula kale wailesi zonse za m'nyumba mwathu, ina osaibwezeretsanso. Anayamba kukonza mafoni pakhonde la sitolo ina pamsika, kenaka anapita ku Balaka komwe ankasamalira makompyuta a m'maofesi, uku akupitiriza sukulu. Ine mlongo wake Fauziya ndinkamuseka kuti adzakwatira kompyuta, chifukwa mtsikana akamupatsa moni iye ankayang'ana foni ya mtsikanayo kuti ndi ya mtundu wanji.

Kampani ina ya ku Dubai itamulemba ntchito, anyamata a kabaza anayamba kumutchula bwana. Amjomba athu, Che Akimu, alongo awo a mayi, amene sanamugulirepo ngakhale pensulo, anazungulira msika wonse kulengeza kuti mwana wa mlongo wawo akupita kunja. Bambo okha ndi amene sanalankhule zambiri. Pomuperekeza pasiteji anangomufunsa ngati kumeneko amalola munthu kubwerera msanga kwawo kukavuta. Latifu anati amalola, bola munthu auzidwe nthawi ikadalipo.

Ntchito yake inali yoyang'anira makompyuta akuluakulu osunga zinthu za makampani, m'chipinda chozizira chopanda mawindo. Foni salowa nayo, amaitsekera m'kabati pakhomo mpaka ataweruka. Kunyumba kunasintha ndithu: malata atsopano, sola padenga, mayi osapitanso kuganyu. Sindingakane, ndinadya nawo. Lachisanu lililonse ankatiimbira pa vidiyo.

Patapita zaka, mvula itangoyamba, bambo anadwala. Miyendo inatupa, mpweya unkawabanika, ndipo kuchipatala ku Liwonde anatiuza kuti mtima watopa. Ndinafuna kumuuza Latifu tsiku lomwelo, koma amjomba anakaniza. Kwathu kuno munthu amene ali kutali sauzidwa matenda mmene alili, amangouzidwa kuti odwala akupezako bwino, kuti asasokonezeke pa ntchito. Amjomba anafunsanso kuti mwana akabwera n'kuchotsedwa ntchito tidzadya chiyani. Ndinadziwa kuti akuwerengeramo mimba yawo, ndipo ndinakwiya. Ndinamutumizirabe Latifu uthenga woti bambo sali bwino.

Amene anandigonjetsa ndi bambo eni ake. Lachisanu litafika anatiuza kuti tiwadzutse, tiwaveke mkanjo wawo woyera ndi chisoti, tiwakhazike pampando pansi pa mtengo wa mango, miyendo yotupayo itafundidwa chitenje. Latifu ataimba, iwo anaseka, anafunsa za kutentha kwa kumeneko, n'kunena kuti Fauziya amakokomeza zinthu ngati mayi ake. Foni itadulidwa tinachita kuwanyamula kuwabwezera pamphasa. Ndinawafunsa chifukwa chimene akunamizira mwana amene iwo omwe akumufuna.

"Ndikumufuna, mama," anatero. "Koma ndimuchotsetse ntchito ine bambo ake? Ndidikira tchuthi chake, Mulungu akalola."

Anachita zimenezo Lachisanu lililonse, ndipo Latifu anakhulupirira maso ake kuposa mawu anga. Tchuthi chake anasunga kuti adzabwere pa Idi.

Bambo anamwalira m'mawa wa Lachiwiri lina, mwezi wosala kudya usanayambe n'komwe. Ndinaimba, ndinaimbanso, foni ikungolira m'kabati muja. Munthu amene ntchito yake ndi yolumikiza anthu a mayiko ena sanapezeke pamene tinkamufuna ife abale ake. Ndinapempha shehe kuti tidikire, ndikudziwa kuti ndikupempha zosatheka, chifukwa ife Asilamu maliro sitigoneka, ndipo ngakhale akanayankha, ndege sikanamufikitsa tsiku lomwelo.

Che Yunusu anabwera ndi ndowa yawo. Akazi sitilowa kosambitsa amuna, koma ndinali pakhonde ndipo ndinaona kumene madziwo anatungidwa. Ndinathamanga kukasonkha moto. Madzi anga asanafunde, iwo anali atamaliza kale. Itatha swala, pemphero la masana, amuna anawanyamula bambo kupita nawo kumanda.

Latifu anaimba ataweruka, anthu atabalalika, ndipo ndinamuuza kuti bambo tawaika kale. Sanalire pafonipo, amjomba sanawatchule. Anangofunsa:

"Chemwali, madzi anafunditsa?"

Ndikanatha kuchita za kwathu, kumuuza kuti zonse zinayenda bwino. Koma mabodza achifundo anali atandikwana. Ndinamuuza kuti iyayi.

Anabwera pa sadaka ya arobaini, yokumbukira malemu patatha masiku makumi anayi, atawonda, osafuna kucheza ndi aliyense. Amjomba anamulandira ndi madandaulo a feteleza. Che Yunusu atabwera kudzamupepesa, iye anawayankha mwaulemu koma osawayang'ana kumaso. Anabwerera ku Dubai, ndipo ntchitoyo akugwirabe mpaka lero, poti mayi ayenera kudya ndi kumwa mankhwala. Za banja salankhulako. Pa vidiyo sakhulupiriranso munthu wokhala pampando. Amauza mayi kuti aimirire, ayende mpaka pachitseko, aonetse mapazi, ndipo mayi amachita uku akudandaula kuti mwanayu wasanduka dokotala.

Mwezi wathawu anandiimbira pakati pa sabata, zimene sachitachita. Mlonda wa pageti pa kampani yawo, bambo wachikulire wa ku Bangladeshi, anali atamwalira, ana ake onse ali kwawo kutali. Latifu anapempha chilolezo kuntchito, n'kupita kumene anatengera mtembowo kukapempha kuti asambitse nawo. Anati kumeneko madzi ofunda amangotuluka pampopi, koma iye anawayesabe ndi chigongono.

"Ndasambitsa bambo a munthu wina," anatero. "Ndayambira kumanja, monga anandiphunzitsira. Mwana wawo akaimba, ndimuuza kuti madzi anali ofunda."