Una wa ku Norway

Funso limene landisautsa kwa zaka zambiri ndi ili: mwana akadzudzula mawu a kholo lake pagulu, kodi amakhala atakana mawu okhawo?

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Ulaya, mumzinda wa Wolverhampton, kumene amayi ankagwira ntchito ya unamwino. Bambo, amene ku Malawi anali woyeza misewu, kuno ankanyamula makatoni ku Bilston. Ali mnyamata anatumizidwa ku Norway kukaphunzira kwa miyezi ingapo, ndipo mapu a ulendowo ankawasunga pansi pa sutikesi.

Kusukulu anatiuza kuti tilembe za misewu yoboola mapiri. Lamulungu lina masana, alendo a kutchalitchi ali pabalaza, bambo anayala mapu aja patebulo. Anali ong'ambika m'mapindo, akununkha chinyezi.

"Bwera, mwanawe, ndikuonetse una," anatero. "Anthu a ku Norway anaphunzira kwa mbewa kuboola mapiri. Una wabwino umakhala ndi polowera mpweya ndiponso pothawira. Wopanda zimenezi ndi manda."

Mayi wina anaseka. "Koma achimwene, mbewa mpaka ku Ulaya?"

Manyazi anandigwira. Ndinayankha m'Chingerezi, mokweza, ndikusamala katchulidwe, kuti msewu wa akatswiri si dzenje la mbewa, ndipo aphunzitsi safuna nkhani zakumudzi. Bambo sanandikalipire. Anapinda mapuwo motsatira mapindo akale, n'kufunsa alendo ngati angawaonjezere tiyi.

Ntchito ija ndinaikopera m'buku, ndipo ndinakhoza bwino. Za Norway bambo sanazitchulenso. Ngakhale podutsa misewu yapansi ya pakati pa Birmingham, pamene kale ankachepetsa liwiro kuti andilozere zokupizira mpweya kudenga, anayamba kungoyang'ana kutsogolo.

Ku yunivesite, pophunzira za misewu yamtunduwu, mfundo ziwiri zimene anatsindika zinali mpweya ndi pothawira. M'pamene ndinazindikira kuti bambo sanasowe mawu a Chingerezi tsiku lija. Anasankha "una" dala, kuti andipatse luso lawo m'chilankhulo chawo, pamaso pa anthu amene ankangowadziwa ngati onyamula makatoni.

Chaka chatha ndinapita ku Norway, ndinayendetsa galimoto mphindi zambiri m'mimba mwa phiri, n'kutulukira m'chipale chofewa. Nditabwerako ndinapita kwa bambo, amene tsopano anapuma pantchito.

"Ababa, una uja ndauona," ndinatero. "Pothawira palipodi."

Anandifunsa mwaulemu, m'Chingerezi, ngati ndinayenda bwino. Kumene kuli mapu aja sindikudziwa, ndipo sindinalimbe mtima kufunsa.