Mmisiri wa Maboti pa Njuli

Pa Njuli palibe nyanja, palibe ngakhale mtsinje woti bwato n'kuyandamapo. Koma mukatsika minibasi n'kufunsa kuti, "Kwa a Maboti n'kuti?" wakabaza aliyense akulozerani nyumba yamalata yomwe ili pafupi ndi mtengo wa mapeyala, kuseri kwa tchalitchi. Dzina lawo lenileni ndi a Ignasio Muhiwa. La Maboti tinawapatsa ndife, pang'ono mowalemekeza, kwambiri mowaseka.

Bambo amenewa kukhala pansi kunawakanika chibadwire. Anabadwira ku Mauwa, sukulu anailekera sitandade seveni, basi n'kuuyamba ulendo. Anaswako miyala pa Njuli pano miyezi isanu. Anathyolako tiyi ku Thyolo. Analimako fodya ku Kasungu, n'kuchokako fodyayo asanaume n'komwe. Ku Limbe analonderako sitolo, n'kuisiya ati ntchito yoyang'anira loko si ntchito. Pakati pa maulendo onsewa anapeza kampata kokwatira Easter, mayi wogulitsa zigumu pamsewu, n'kulowa chikamwini pamudzi pa mkaziyo. Mwana wawo Doreen asanayambe kukwawa, bambo aja anakwera basi ya ku Joni, ati akukasaka malata. Anatchona zaka zisanu ndi ziwiri.

Kumeneko anakafika mpaka ku Kepi, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene anapeza ntchito pamalo opangira maboti a faiba, aja oyera mbee a anthu olemera. Atabwerako anali ndi chikwama chimodzi, chifuwa chosatha, ndi nkhani zambirimbiri. "Ine boti ndimaliumba ndi manja angawa," ankatero pamsika, akutambasula zikhatho. Ife tinkangoti, "Eetu, a Maboti."

Easter sanalulutire. Anaitanitsa ankhoswe, pakati pawo pali mchimwene wake wamkulu, a Stewart, kalipentala wa zitseko ndi mabokosi a maliro. Pamaso pa onsewo anati, "Bambo a Doreen, ndakulandirani, ndipo sindifunsa za kumbuyo. Koma tsiku limene mudzachokenso pakhomo pano kukagona kwina chifukwa cha ntchito, musadzavutike kubwerera. Chikwama chanu mudzachipeza kwa achimwene." A Stewart anagwedeza mutu kuvomereza. A Ignasio analumbira pali Mulungu, ndipo sankanama, poti mkazi wawoyo ankamukonda zenizeni. Vuto ndi loti msewu ankaukondanso.

Anapirira zaka ziwiri, koma kupirira kwake, abale! Anagwirako khasu, msana n'kukana. Anagulitsako tomato, n'kuwolera m'dengu mwiniwake ali kusiteji kuonerera mabasi. Nthawi zina ankamata thanki yamadzi yong'aluka kapena pulasitiki ya njinga yamoto, koma zimenezo ndi ntchito za tsiku limodzi pamwezi. Masiku enawo ankangozungulira bwalo, kusuntha mpando kuchoka pamthunzi kupita padzuwa, kenako kuubwezanso. Easter ankaona zonsezi.

Ndiye mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunafika mlendo wovala kachisoti koyera, atapanira katoni m'khwapa. Anati dzina lake ndi Halidi, wa ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, ndipo ali ndi boti la faiba lonyamula anthu ndi matumba kupita pachilumba cha Chisi. Kutsogolo kwa botilo kuli kachipinda kosungiramo ufa, mafoni ndi zovala za apaulendo. Chivindikiro chake chinasweka kalekale. Anayesa chathabwa, chinavunda. Anayesa chalata, madzi ankangolowa. Cha kusitolo kulibe, chifukwa bowo lake silifanana ndi la boti lina lililonse.

"Ndamva kwa kondakitala kuti kuno kuli mmisiri," anatero che Halidi. "Katoniyi ndaidula molingana ndi bowolo. Mungathe?"

"Mungathe? Mukufunsa ine?" anayankha a Ignasio. Mtima unali phaphapha ndi chimwemwe. Ntchito inali itabwera yokha pakhomo, yoyenda ndi miyendo yake. Ikatheka imeneyi, ankaganiza choncho, ena amva, azibwera ndi makatoni awo, iwo ali phee pansi pa mpeyala, mmisiri weniweni wosachoka pamudzi. Ikakanika, ankadziwa mumtima kuti mvula yoyamba siidzawapeza pa Njuli.

Koma tinene zoona, zimene a Ignasio sanauzepo munthu. Chinthu cha faiba sachisema, amachiumbira m'chikombole, monga njerwa. Umayamba wapanga chifanizo cha matabwa, n'kuchisalaza. Pamwamba pake umayala nsalu ya faiba, n'kuinyowetsa ndi rezini, madzi aja onata, onunkha, amene amauma gwa ngati mwala. Zikauma umazula, chimenecho ndiye chikombole. M'menemo ndi momwe umaumbiramo chinthu chenichenicho. Tsono ku Kepi kuja a Ignasio chikombole sanapangepo ngakhale chimodzi. Zikombole zinkapangidwa kuchipinda china, ndi amisiri ena, n'kumabwera zothaitha. Yawo inali kupaka polishi, kuyala nsalu, kukanikiza ndi kachitsulo kogudubuza. Zaka zisanu ndi ziwiri, ntchito yomweyo, osasuzumirako kuchipinda kuja ngakhale tsiku limodzi.

Anadziuza kuti n'zosavuta. Anapita ku Limbe m'mawa, madzulo n'kubwerako ndi chitini cha rezini, mpukutu wa nsalu ndi kabotolo ka mankhwala oumitsira. Katoni ija anapita nayo kwa alamu awo.

"Alamu, mundipangire chifanizo. Kutalika apa, kufupika apa, milomo yake itsike zala zinayi."

A Stewart ndi munthu wa sikweya. Chitseko chawo sichikhula pansi, bokosi lawo siligwedera. Anapala, anayeza, anayezanso, n'kutulutsa chinthu chowongoka mbali zonse, makona ake akuthwa moti ungadzicheke nawo. A Ignasio anachisalaza ndi sandipepa masiku awiri, n'kuchipaka polishi wopaka pansi m'nyumba kasanu ndi katatu, kupaka n'kupukuta, kupaka n'kupukuta, kuti rezini asadzamatirire. Anayala faiba m'mamawa kusanatenthe, poti padzuwa rezini amauma usanamalize. Fungo linafika mpaka kutchalitchi. Manja anayabwa usiku ndi usana, Doreen n'kumakana kukhala nawo pafupi.

Tsiku lozula litakwana, anakoka. Chikombole chili nga! Analowetsa timitengo m'mphepete. Sichinasunthe. Anathira madzi otentha, anagogoda ndi chibakera, anaitana a Stewart kuti wina akoke uku wina uku, amuna awiri akuluakulu thukuta lili kamukamu ngati akukoka ng'ombe m'dzenje. Potsiriza a Ignasio anapsa mtima, n'kutenga hamala. Chikombole chinang'aluka pakati, koma zidutswa zake zinakakamirabe pathabwa.

"Ndi polishi wa ku Malawi ameneyu," anatero a Ignasio. "Wabodza."

Anakhala pachitsa, akuyang'ana chitini. Rezini wotsala anali wongokwanira kuyesa kamodzi kokha. Chakumsewu kunkamveka kulira kwa mabasi opita ku Blantyre, ndipo m'mutu mwawo anali atayamba kale kuwerenga masiku a ulendo wa ku Joni.

Easter anali pakhonde, akugudubula zigumu m'zitini. Anabwera, n'kuzungulira chifanizo chija kawiri, akupukuta manja pachitenje.

"Bambo a Doreen, ku Kepi kwanuko zikombole zinkakhala zowongoka chonchi?"

"Nanga zikhale zokhota?"

"Ine sindinapiteko ku Kepi. Koma taonani chitini changachi." Anachitembenuza, chigumu n'kugwera m'dzanja chokha. "Kukamwa n'kotambalala, pansi n'pochepa. Beseni chimodzimodzi. Ndowa chimodzimodzi. Chilichonse chimene mufuna kuti chitulutse zam'kati chimapendama pang'ono. Nanga inu mwakapangitsa chinthu kwa munthu wa mabokosi a maliro! Achimwene zawo amapanga kuti wolowamo asatuluke."

A Ignasio anachitenga chitinicho, n'kuchisisita m'mbali ndi chala. Ndiye anakumbukira. Zikombole zonse za ku Kepi zija, zimene anazipukuta zaka zonsezo, makoma ake ankatsetsereka chonchi, makona ake ali obulungira. Dzanja linkadziwa, mutu sunafunsepo chifukwa chake. Manyazi anawagwira.

"Mayi a Doreen," anatero chapansipansi, "ine chikombole sindinapangepo. Ine ndinali wopaka chabe."

"Safunsa anadya phula," anayankha Easter. Sanaseke, sanakalipe. Anangotenga chitini chake n'kubwerera pakhonde.

Nkhondo inali kwa a Stewart. "Mukuti chiyani, alamu? Ndipale chopendama dala? Zaka makumi awiri ndili pabenchi ino, sindinatulutsepo chinthu chopotoka. Anthu akaona adzati ndani wapanga?" Anakangana mpaka Easter anachita kubwera ndi chitini chija n'kuchiika pabenchi. A Stewart anachiyeza ndi sikweya yawo, n'kuona kampata kotsala, n'kung'ung'udza kuti dziko lapita. Komabe anapala, nkhope ili ndwii, n'kuwauza alamu awo kuti asadzatchule dzina lawo kwa munthu.

Kuyambiranso: sandipepa, polishi, nsalu, rezini womuyeza ndi supuni kuti asatayike ngakhale dontho. Masiku awiri odikira kuti ziume a Ignasio sanadye bwino. Ankapita kukachigwira, kubwerera, kupitanso. M'mawa wa tsiku lachitatu analowetsa kamtengo kamodzi pakona, n'kukanikiza pang'ono.

Phwa!

Chikombole chinanyamuka chokha, m'kati mwake muli see, mowala ngati mbale yadothi ya kusitolo. A Ignasio anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Anamunyamula Easter m'mwamba masana dzuwa likuwala, anthu akuona, mayi uja akuti, "Tanditsitsani, mwapenga kodi!" koma akuseka. Patapita masiku anayi chivindikiro chenichenicho chinatuluka m'chikombolemo, choyera, chopepuka, milomo yake yotsika bwino kuti madzi asalowe. Madzulo amenewo a Ignasio anakhala pampando umodzi mpaka dzuwa kulowa, osausuntha.

Che Halidi anabwera Lachiwiri. Anachigogoda, anachikwera ndi mapazi onse awiri, anachiyeza ndi katoni yawo, n'kuti, "Ichi ndiye chinthu." Atamwa madzi anawonjeza kuti, "Koma achimwene, luso lotereli mukuliwoletsa kumtunda kuno. Padoko pathu pali maboti asanu ndi limodzi. Ena zivindikiro, ena ang'aluka pansi, ndipo boti simungalidule pakatoni. Tiyeni mukaone nokha. Masiku atatu basi. Malo ogona alipo."

A Ignasio anayang'ana kukhonde. Easter ankasefa ufa, maso ali m'lichero, koma sefa inali itaima.

"Ayi, che Halidi," anatero a Ignasio. Mawuwo anatuluka movutikira. "Ine pakhomo pano sindichoka. Amene akufuna azibwera ndi katoni."

Sefa inayambanso kuyenda. Easter anakulunga zigumu zinayi m'pepala, n'kupatsa mlendo kuti akadye m'njira. A Ignasio anasenza chivindikiro pamutu, ati angowaperekeza alendo pamsewu, poti mlendo sachoka yekha.

Pasiteji minibasi ya ku Zomba inali itadzaza kale. Kondakitala analanda chivindikiro chija n'kuyamba kuchikankhira kumbuyo, pakati pa thumba la makala ndi tayala.

"Iwe! Uchikala chimenecho! Ukudziwa kuti chatenga masiku angati?" A Ignasio anachilanda, n'kulowa nacho m'kati kuti amuonetse poika. Malo abwino panalibe, koma pamiyendo pa munthu. Anakhala pampando wa pakhomo, n'kuchiika pamiyendo pawo. Che Halidi anadzipanikiza pambali. Apo m'pamene a Ignasio anamva chinthu cholimba m'thumba la buluku. Inali tepi yoyezera, ndipo sanakumbuke n'komwe nthawi imene anaiikamo.

Pafupi panali wakabaza wina wa pamudzi pawo, bambo waimvi amene analipo tsiku la ankhoswe lija. A Ignasio anamukodola pawindo.

"Achimwene, mukawauze mayi a Doreen kuti ndibwera Lachisanu."

"Lachisanu lake liti, a Maboti?" Bambo uja anapukusa mutu. "Uthenga umenewo ine sindinyamula. Kwanu si apa pokha? Tsikani mukanene nokha."

Kuchokera pampandopo nsonga ya mpeyala inkaoneka, kuseri kwa tchalitchi. A Ignasio ankadziwa bwinobwino chimene akutaya. Ankadziwa kuti Easter sabwereza mawu, kuti pofika mawa chikwama chidzakhala pabenchi ya a Stewart, kuti Doreen adzafunsa. Chisoni chinawagwira, misozi inalengeza m'maso, anthu akuona. Koma m'mutu munali maboti asanu ndi limodzi, lililonse ndi bowo lakelake.

Kondakitala anagwira chitseko, n'kuwayang'ana.

"Bwana, mukutsika?"

A Ignasio anakumbatira chivindikiro chija ndi manja onse awiri.

"Tseka," anatero.